Dzanja la Amacheka

Amagolovesi agwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi pafakitale yaing'ono ya kuseri kwa malo omatira matayala, ndipo zaka zonsezo, kupatula tsiku limodzi lokha, sanakhudzepo ndi khungu lawo chinthu chimene amapanga. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, ndipo linawakakamira moti ngakhale wowerenga mita ya madzi akafika pakhomo amati, "Odi kwa Amagolovesi."

Fakitaleyo imapanga mathabwa a pulasitiki. Amangoti mathabwa, koma mtengo mulibemo. Ndi oonekera mkati ngati madzi akumwa, ena otalika kuposa munthu, olemera moti awiri kunyamula n'kubuula. Ntchito yake ndi iyi. Pali zitsulo zina ndi miyala ina yotulutsa cheza choopsa, chosaoneka, chosanunkha, chodwalitsa munthu mwakachetechete. Cheza chimenecho chikalowa m'thabwa, thabwalo limaphethira, kakuwala kochepetsetsa koti diso la munthu silingakaone. Ndiye kumapeto kwa thabwa amamatako diso lamagetsi lowerenga kuphethirako, ndipo kukachuluka belu limalira. Mathabwawa amawaimika pazipata za madoko ndi za malo ogula zitsulo zakutha, lina uku lina uko, malole n'kumadutsa pakati. Anthu a m'dera la Amagolovesi anafotokozeredwa zimenezi kangapo konse, koma mpaka lero amati mayi aja amapanga mawindo.

Kapangidwe kake n'kofuna mtima wautali. Amasakaniza madzimadzi ena onunkha ngati guluu ndi tiufa tiwiri, n'kuchotsamo mpweya, n'kuthira m'chikombole chagalasi. Chikombolecho chimakhala mu uvuni masabata asanu ndi awiri, kutenthetsa pang'onopang'ono, kuziziritsanso pang'onopang'ono. Mukapupuluma limatuluka ndi thovu mkati, ndipo lotero n'lotaya. Likatuluka bwino limapita kumacheka kukadulidwa, kenako kuchipinda cha Amagolovesi kuti likasalazidwe. Iwo amalikwecha ndi sandipepa, kuyambira wokhakhala mpaka wofewa ngati tsaya la khanda, n'kulipukuta mpaka kuona nkhope yawo, n'kulikulunga m'pepala loyera ndi tepi yakuda. Kuyambira pamenepo thabwalo limakhala mumdima moyo wake wonse.

Mdani wa thabwa losalazidwa ndi mafuta a pakhungu la munthu. Mukalikhudza lero simuona kanthu, mawanso ayi. Koma mafutawo amadya pulasitiki mobisa, ndipo pakapita zaka pamalo pamene munakhudzapo pamachita timing'alu tating'onoting'ono, kuwala n'kumathawira pamenepo m'malo mokafika kudiso. N'chifukwa chake pakhomo la chipinda chawo Amagolovesi anajambula okha mzere wachikasu pansi. Wopanda magolovesi samaudumpha mzere umenewo. Abwana aakulu, amene anayambitsa fakitaleyo, anaudumpha kamodzi ali ndi alendo, ndipo anatulutsidwa pamodzi ndi alendo awo omwe.

Khalidwe limeneli linawatsata mpaka kunyumba. Tambula amaigwira m'mphepete ndi nsonga za zala. Chithunzi mukawapatsa amachilandira ngati chotentha. Mwana wawo wamkazi, amene tsopano ndi namwino, amati ali wamng'ono amayi ake ankamusambitsa ngati akuopa kumusiyira chidindo.

Tsono taonani mwamuna amene mayi wotereyu anakwatiwa naye.

Amacheka anali wodula mathabwa pafakitale yomweyo. Anali munthu waphokoso, woseka ndi thupi lonse, ndiponso wogwiragwira wotheratu. Akamalankhula nanu akugwirani phewa. Akamadutsa pakhoma alisisita. M'sitolo ankatola chilichonse, kuchitembenuza, n'kuchibwezera osagula. Ndipo lamulo la kumacheka ndi losemphana ndi la kuchipinda chosalazira: pafupi ndi mano a makina savalapo magolovesi, chifukwa nsalu ikakodwa imakoka dzanja lonse. Kumeneko thabwa limakhala lisanasalazidwe, ndiye zala zilibe mlandu, khungu lapamwambalo limakachoka ndi sandipepa. Mmodzi ankadya chifukwa chovala magolovesi, winayo chifukwa chosavala. Anthu amenewa anakwatirana, ndipo palibe anawakakamiza.

M'chaka chachiwiri cha banja lawo Amagolovesi anakwezedwa kukhala mwini chipinda, mutu n'kukula pang'ono. Anayamba kudandaula kuti mathabwa akubwera kuchokera kumacheka ali zidindo zokhazokha, zikuwachulukitsira ntchito. Nkhaniyo anaitengera kunyumba. Anaiyamba Lachinayi, anagona nayo, anadzuka nayo, mpaka Amacheka anati, "Chabwino akazanga, ndivala, bola m'nyumba muno mukhale mtendere." Anavaladi. Lachitatu lotsatira macheka anakoka golovesi, n'kupita ndi chala cholozera cha dzanja lamanja.

Amacheka sanawaimbe mlandu akazi awo ngakhale tsiku limodzi. Anasandutsa chalacho nthabwala. "Ine adani ndilibe," ankatero, "nanga ndiwaloza ndi chiyani?" Amagolovesi nawo sanapepese. Sikuti sizinawapweteke, zinawapweteka mpaka anaonda. Koma tsiku loyamba mawu akuti pepani anawakanirira pakhosi, tsiku lachiwiri anaona ngati achedwa, kenako zaka zinangoyamba kudutsa. M'malo mwake ankawamangira amuna awo mabatani a malaya m'mawa uliwonse, ngakhale mwiniwakeyo anali ataphunzira kalekale kumanga ndi zala zinayi. Amacheka ankangoima njo, chibwano m'mwamba.

Mkangano wawo waukulu unabwera mochedwa, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Fakitale inalandira ntchito ya mathabwa awiri aakulu kuposa onse, a pachipata cha malo ena ogula zitsulo zakutha. Loyamba linapita bwinobwino. Lachiwiri Amagolovesi analisalaza masiku anayi, n'kuligoneka pa timiyendo tiwiri toyalidwa nsalu, n'kutuluka kukatenga tepi kusitolo ya fakitale. Pobwera anapeza kapu ya tiyi ikufuka nthunzi pawindo, mkati mwa mzere wachikasu. Amacheka anali chiimire kunja kwa mzere, manja kumbuyo, akuimba likhweru.

"Mwalowa," anatero Amagolovesi.

"Ndangoika tiyi basi."

"Mwakhudza thabwa."

"Sindinakhudze."

"Inuyo? Kudutsa pafupi ndi chinthu osachigwira?"

"Akazanga, sindinakhudze."

Amagolovesi anatenga tochi n'kuunika pamwamba ponse ndi m'mbali monse. Sanapeze kanthu. Kunsi sanaunike, chifukwa anali ataunikako kale asanaligoneke, nanga munthu angakhudze kunsi kwa thabwa akufunanji? Analowetsa pepala, kukulunga, kumata tepi, thabwa n'kupita. Tiyi uja anamwa, koma mtima sunakhale pansi, chifukwa likhweru limene lija ankalidziwa.

Kuyambira tsiku limenelo mawu awiriwa anasanduka moni wa m'nyumba mwawo. Ali pakati pa kudya, Amagolovesi ankangoti, "Munakhudza." Amacheka, osakweza ngakhale mutu, "Sindinakhudze. Tandipatsirani mchere." Mwana wawo ankachita kutuluka panja. Patapita zaka zitatu Amacheka anadwala mtima n'kugonekedwa m'chipatala, ndipo masana ena, akuwakonzera pilo, Amagolovesi anafunsanso, mwina poganiza kuti munthu akafika pamenepo amanena zoona. Amacheka anatsegula diso limodzi. "Sindinakhudze," anatero. Anamwalira Loweruka la sabata yomweyo.

Sanasiye zambiri. Zovala anatenga abale. Pazithunzi zonse za m'nyumba iwo palibe, chifukwa ndiwo ankajambula, kupatula chimodzi chimene anatembenuka kuti alankhule ndi munthu wakumbuyo. Amagolovesi anabwerera kuntchito patatha masabata awiri, ndipo kumacheka kunalembedwa munthu wina, waulemu, wosaimba likhweru.

Ndiye mwezi wathawu, Lolemba m'mawa, lole inabweretsa thabwa lokulungidwa mu tepi yakuda yotuwa ndi fumbi. Abwana aang'ono, mwana wa abwana aakulu aja, amene akuyendetsa fakitale masiku ano, anaima kunja kwa mzere n'kufotokoza. Linali limodzi mwa mathabwa awiri aja a kuzitsulo. Linzake likugwira bwino, koma ili layamba khungu, diso likuwerenga theka la zimene linkawerenga kale.

"Mulitsegule muone, mayi. Ngati ndi pamwamba pokha, mukwecha n'kusalazanso. Akulifuna Lachisanu."

Amagolovesi anadula tepi, kuchotsa pepala, kuunika pamwamba. Panali bwino. Anaitana anthu awiri ovala magolovesi kuti alitembenuze, n'kuwauza kuti atuluke. Anazimitsa magetsi, kutseka katani, n'kuunika ndi tochi chammbali, monga amachitira pofuna chilema.

Kumapeto kwa thabwa, pafupi penipeni ndi pomata diso, panali dzanja. Linali loyera mbuu ngati lojambulidwa ndi choko, lopangidwa ndi timing'alu zikwizikwi, mizere ya m'chikhatho yonse ikuoneka. Chala chachikulu chinalipo. Kenako mpata. Kenako zala zitatu.

Amagolovesi anayang'ana nthawi yaitali.

"Wabodza," anatero.

Ananena mokweza, moti wa kumacheka watsopano uja anazimitsa makina n'kufunsa ngati akunena iye. Amagolovesi anangosendeza tochi pafupi. Anali akuwerenga dzanjalo monga amawerengera chilema chilichonse. Zala zinaloza mkati, kuchokera kumapeto. Tsinde la chikhatho ndi limene linadinda kwambiri. Munthu wongosisita sadinda choncho. Ameneyu anagunda kamwendo kogonekapo thabwa ndi chiuno popita kuwindo ndi tiyi wake, thabwa linayamba kutsetsereka, iye n'kuliwakha kunsi ndi dzanja limodzi, kulibwezera, kuika tiyi, kutuluka, n'kuyamba likhweru. Tiyi sanatayike ngakhale dontho. Zaka zonse zija akuuzidwa kuti amangoganizira anthu zoipa, lero umboni ndi uwu, ndipo anamva kukoma kwenikweni, kukoma kwa munthu wopambana mlandu. Anatembenukira kukhomo kuti anene kuti, "Nanga ichi n'chiyani?" Kukhomoko kunali mzere wachikasu basi.

Anakhala pampando. Tochi inali chiyakire m'manja mwawo.

Abwana aang'ono atabwera masana, anavala magolovesi, kulowa, n'kuona. Anakulira pafakitalepo, Amacheka ankawanyamula paphewa ali mwana, ndiye sanafunikire kuwerenga zala kawiri. Anatsokomola.

"Ming'aluyi si yakuya," anatero. "Mukachotsa mamilimita awiri lichira."

"Ndikudziwa."

"Lachisanu litheka?"

"Tidule kumapetoku," anatero Amagolovesi. "Kachidutswa kokha. Kwinako ndisalaza."

Abwana anatenga tepi yoyezera, ngakhale yankho ankalidziwa. Thabwa limalowa m'bokosi lake lachitsulo ndendende. Mukalifupikitsa, diso silifika.

"Tipange lina."

"Uvuni ndi wodzaza, mayi. Akatuluka amene ali m'menemo, masabata ena asanu ndi awiri. Chipata chikhala ndi diso limodzi miyezi itatu."

Amagolovesi anagwedeza mutu. Zonsezi ankazidziwa kuposa abwanawo. Pafakitale yonse panalibe wina woti n'kusalaza thabwa lalikulu chotero osalipotoza. Dzanja la amuna awo likanachoka ndi manja awo, kapena silikanachoka.

Lachiwiri anati sandipepa amene alipo ndi wa nambala yolakwika. Anatumiza munthu kukagula wina. Atabwera naye, anamuyang'ana n'kunena kuti wakale uja analinso bwino, koma tsiku lapita. Lachitatu anati kunja kuli chinyezi. Kunja kunali dzuwa loswa mtengo. Anthu a pafakitale anayamba kuyenda monyang'ama, chifukwa mayi ameneyu sanachedwetsepo ntchito chiyambire, ngakhale sabata imene anabereka anachita kufunsa ali kuchipatala ngati thabwa lakulungidwa. Tsopano ankafika m'mawa, kuvala magolovesi, kutseka katani, n'kukhala. Nthawi zina kunkamveka mawu m'chipindamo. Wosesa, amene makutu ake ndi aatali, anati ankangomva kuti, "Munakhudza," kenako zii, ngati akudikira yankho.

Lachitatu lomwelo mwana wawo anadzera pafakitale pochokera kuntchito, atauzidwa ndi abwana pafoni. Anapatsidwa magolovesi pakhomo ngati wina aliyense. Ataona dzanjalo anagwira pakamwa, misozi n'kuyamba.

"Usadonthezere pathabwa," anatero amayi ake.

"Amayi, ndi ababa enieni."

"Ndi iwowo. Abodza."

Namwinoyo anaseka akulira, n'kutulutsa foni. Anajambula kasanu, amayi ake akuunikira. Zithunzi zinatuluka bwino ndithu, dzanja likuoneka.

"Mwaona? Ndikakutsukitsirani lalikulu, muika pakhoma. Ndiye mukhoza kukwecha."

Amagolovesi anailandira foniyo m'mphepete, kuyang'ana, n'kubweza.

"Ichi ndi chithunzi. Apa ndi pamene anagwira."

"Nanga mutani, amayi? Mulitengera kunyumba? Likalowa pakhomo liti?"

"Ndayeza. Pakhomo lakumbuyo likhoza kulowa."

Mwanayo anawayang'ana kuti aone ngati akuseka. Sanali kuseka.

Lachinayi m'mawa kunabwera akapitawo a kuzitsulo kuja, bambo wamfupi wonenepa, nsapato zodzaza dzimbiri. Sanabwere kudzakalipa. Anati amangodutsa, ngakhale aliyense ankadziwa kuti msewu umenewo sudutsa kupita kulikonse. Abwana aang'ono anathawira mu ofesi. Akapitawo anafika pamzere wachikasu, kuuona, n'kuima pomwepo osauzidwa, ndipo Amagolovesi anawalemekeza chifukwa cha chimenecho.

"Ndinu amene munapanga mathabwa athu, mayi?"

"Ndine ndinasalaza."

"Ndiye ndikuthokozeni. Linalira kamodzi, chaka cha dzana."

Amagolovesi anatembenuka. Zaka zonsezi palibe anabwerapo kudzawauza kuti thabwa lawo lalira. Mathabwa ankangopita.

Akapitawo anafotokoza mosakometsera. Inali lole ya zitsulo zochokera ku fakitale ina yogumulidwa. Belu litalira anaganiza kuti makina apenga, anaibweza lole, kuidutsitsanso, belu n'kuliranso. Anaitana akatswiri, amene anabwera ndi zovala zawo n'kutsitsa katundu yense chimodzichimodzi. Anapeza kachitsulo kangati batire la tochi, kochokera m'makina akale oyezera. Anati kakanalowa m'ng'anjo, kapena wina akanakatola n'kuika m'thumba poona kunyezimira, bwenzi tikunena zina.

"Pabwalo pathu pali amayi khumi ndi awiri osankha zitsulo," anatero. "Mkuwa uku, aluminiyamu uko. Magolovesi timawapatsa, koma amavula, amati chitsulo amachidziwa ndi khungu. Wina amabwera ndi mwana kumbuyo."

"Panopa mukutani?"

"Ndili ndi kamakina ka m'manja. Lole ikabwera ndimaizungulira mbali yakhunguyo. Koma pofika masana malole amakhala khumi pamzere, oyendetsa akuliza mahutala." Anakanda m'mutu. "Sindinama, mayi, ena amadutsa. Miyendo ndi iwiri yomweyi."

Akapitawo anasuzumira m'chipindamo, koma magetsi anali oyaka ndipo thabwa linkangooneka ngati thabwa.

"Abwana anu akuti wina analigwira ndi dzanja. Anthu ena kusasamala!"

"Analiwakha likugwa," anatero Amagolovesi msangamsanga. "Akanapanda iyeyo bwenzi mulibe thabwa n'komwe."

Anadabwa okha atamva mawu awo. Akapitawo anapepesa osadziwa chimene alakwa, n'kutsanzika.

Atapita, Amagolovesi anatseka chitseko. Nthawi inali itangokwana teni koloko ya m'mawa, dzuwa litakwera, kumacheka makina akulira. Anayala sandipepa patebulo motsatana manambala, kudzaza beseni la madzi, kumanga epuloni. Anatseka katani, kuzimitsa magetsi, n'kugoneka tochi chammbali. Dzanja lija linatulukira.

Ndiye anavula golovesi lakumanja. Linavuta kutuluka, chifukwa dzanja linali thukuta. Analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la epuloni. Anaima kumapeto kwa thabwa, kutembenuza mkono monga mwini dzanjalo anatembenuzira, n'kusanjika chikhatho chawo pa chikhathocho.

Pulasitiki si yozizira ngati galasi. Zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo zimenezi sankazidziwa. Inali yofunda pang'ono, ndipo timing'alu tija tinkamveka pakhungu ngati ndevu za tsiku limodzi. Dzanja la Amacheka linali lalikulu, lawo linakwanamo n'kutsala malo. Chala chachikulu chinagona pa chachikulu. Zitatu zinagona pa zitatu. Chala chawo cholozera chinagona chokha pampata paja, pamene pulasitiki inali yosalala, yopanda chilema chilichonse.

Anachiyang'ana chalacho.

"Pepani," anatero.

Kumacheka makina anazima, kenako anayakanso.

"Pepani, bambo. Ndinakuvekani ndine."

Analira pamenepo, kulira kwenikweni kwa mamina, koma nkhope ataitembenuzira kumbali kuti misozi isagwere pathabwa. Atatha anapukuta m'maso ndi mkono, n'kuonjeza kuti, "Koma munakhudza," chifukwa chilungamo n'chilungamo.

Anasamba m'manja ndi sopo, kuumitsa, kuvala magolovesi atsopano, n'kutenga sandipepa wokhakhala.

Sakwecha pamalo amodzi, thabwa lingachite chigwa. Amakwecha nkhope yonse mofanana, kuchokera uku kukafika uko, kubwerera, madzi akuyenderera oyera ngati mkaka. Choncho dzanjalo silinachoke kamodzi. Pofika nthawi ya chakudya cha masana, nsonga za zala zinali zitapita. Sanapite kukadya. Kenako zala zitatu zija zinazimirira, mpata uja n'kusiya kukhala mpata. Chala chachikulu chinalimbalimba. Chomalizira chinali tsinde la chikhatho, pamene munthu uja anakankha ndi mphamvu zake zonse kuti ntchito ya akazi ake ya masiku anayi isasweke. Pamenepo panatenga ola lathunthu. Anatsuka, kuunika, kunali kadontho. Anakwechanso, kutsuka, kuunika.

Madzi a m'beseni anakawathira mumgolo wa zinyalala za pulasitiki, monga mwa lamulo.

Lachisanu m'mawa anamaliza ndi sandipepa wofewa ndi nsalu. Abwana aang'ono anabwera ndi diso lamagetsi, kulimata mongoyembekezera, kufunditsa thabwa nsalu yakuda, n'kuika pambali kachitsulo koyesera kamene amasunga m'bokosi lokhoma. Manambala anathamanga pamakina. Abwana anayang'ana pepala lakale la zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, kuyang'ananso makina.

"Labwerera mwakale," anatero. "Mayi, ntchito iyi ndiye ntchito. Palibe angadziwe kuti panali kanthu."

"Eya."

"Lole ibwera thuu koloko. Mukhoza kukulunga."

Anatuluka. Pepala loyera linali kale patebulo, tepi yakuda pambali pake. Kunangotsala kuunika komaliza, kumene Amagolovesi amachita pa thabwa lililonse lisanalowe mumdima. Kumatenga mphindi zisanu.

Anatseka katani, kuzimitsa magetsi, kuyatsa tochi. Anaunika kumapeto kuja chammbali. Anasuntha tochi, kuunikira mbali ina. Anagwada, diso m'mphepete mwa thabwa, kuyang'ana mopingasa. Anazungulira, kugwadanso. Anasintha mabatire a tochi. Wosesa akuti mphindi zisanu zija zinakwana ola, ndipo lole itafika woyendetsa anachita kudikira panja, injini itazima.

Anafunafuna paliponse, ngakhale kamng'alu kamodzi, ngakhale kamzere kotsalira. Sanapeze kanthu. Ntchito amaidziwa mayi amene uja.